Khadi la Mgonero la Asibweni

Chaka chimene ndinayamba ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta ku Lilongwe, ndinabwera kwathu ku Chintheche pa tchuthi cha milungu itatu. Ndinabwera ndi laputopu yatsopano, nsapato zosongoka, ndi matama ochuluka. Ndinafikira kwa achemwali anga, amene amandiposa zaka zisanu ndi zinayi. Iwo ankagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja, ndipo masiku opuma ankathandiza mlembi wa mpingo wathu kusunga kaundula wa akhristu.

Matamawo sindinabadwe nawo, ndinachita kuwaphunzira. Ku koleji, ngakhalenso ku ofesi, ife olemba mapulogalamu tinali ndi maudindo athu osalembedwa paliponse. Odziwa chinenero chovuta chotchedwa C ankanyoza a Java, a Java ankanyoza a PHP, ndipo tonse tinkagwirizana pa chinthu chimodzi chokha, chimene chinali kuseka anthu a Excel. Tinkati zimenezo n'za masekilitale. Ine ku ofesi ndinali wapansi penipeni. Mkulu wa gulu lathu ankaima kumbuyo kwanga, kusuzumira ntchito yanga, n'kunena kuti, "Izi n'za ana a sukulu, bambo." Ndinkaseka nawo anzanga, koma mumtima zinkandiwawa kwambiri. Nkhuku yojomphedwa m'khola imafunanso ina yoti iijomphe, ndipo ine yanga ndinakaipeza kunyumba.

Mumpingo wathu Mgonero umachitika kamodzi pa miyezi itatu. Sabata yoti Mgonero uli Lamulungu, mkulu wa mpingo aliyense amayenda m'dera lake kugawa makhadi, khomo ndi khomo, ndipo munthu amakapereka khadilo asanakhale pa gome. Kakhadiko n'kakang'ono, koma tanthauzo lake palibe salidziwa. Amene sanalandire ndiye kuti ndi wodulidwa, bwalo la akulu a mpingo lamuimitsa chifukwa cha mlandu. Nkhani zotere sizifunsidwa panjira. Mkulu wa mpingo akafika pakhomo pako alibe khadi lako, amakupatsa moni wabwinobwino, kufunsa za chinangwa cha kumunda, n'kumapita. Iwe umatsala ukudziwa.

Kale makhadiwo ankalembedwa pamanja, ndipo a mlembi, amene anali mphunzitsi wopuma pa ntchito, ankatha nawo sabata yathunthu mpaka zala kutupa. Achemwali ndiwo anasintha zimenezo. Miyezi ya mvula alendo pa loji amachepa, ndiye iwo ankangokhala pa desiki n'kumaseweretsa kompyuta ya pa ntchito. Anaphunzira Excel paokha, popanda buku kapena mphunzitsi. Tsiku lina anatulukira kabatani koti ukakadina kompyuta imaloweza zonse zimene ukuchita, n'kudzazibwereza yokha ukailamula. Zimenezi timazitcha makro. Kenako anayamba kutsegula zimene kompyuta yalemba, kusintha mzere umodzi, kuona chimene chachitika, chikasokonekera n'kubwezeretsa. Patatha zaka zitatu anali ndi chinthu chakuti akadina batani limodzi, makhadi onse ankatuluka atasanjidwa kale m'madera. Pamapeto pake pankatulukanso pepala la abusa, la mayina a odwala oti akapatsidwe Mgonero kunyumba Lamulungu masana.

Mmodzi mwa odwalawo anali asibweni, mlongo wa malemu amayi athu. Kwathu amalume timawatchula choncho. Ankakhala cha ku Bandawe, ulendo wopitirira ola limodzi wapansi kuchokera kwa achemwali. Ali mnyamata anakwatira mkazi wachiwiri, mayi wa ku Kande, ndipo mpingo unawadula. Anakhala kunja kwa Mgonero zaka zoposa makumi awiri. Ku tchalitchi ankapita ndithu, atavala jekete ndi tayi, poti ife Atonga ngakhale tili pa mlandu sitilola kuoneka osasamba. Koma nthawi ya Mgonero ikakwana ankatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi a m'kalasi osabatizidwa. Atayamba kukalamba zinawatopetsa. Anasiya mkazi wamng'onoyo, mayiyo n'kubwerera kwawo, ndipo iwo anabwezeredwa mumpingo.

Patapita zaka zochepa mkazi wamkulu anamwalira, kenako asibweniwo anadwala sitiroko n'kufa mbali imodzi. Mwana wawo wamwamuna anali ku Joni. Pakhomo panatsala mpongozi, wa mpingo wina, wotanganidwa ndi ana ake ndi munda. Ndiye amayi a ku Kande aja, popanda wowatuma, anayamba kubwera katatu pa sabata. Ankachapa, kuwasambitsa, kuwaphikira, dzuwa likapendeka n'kukwera minibasi kubwerera kwawo. Sankagona pakhomopo, ndipo palibe wa mumpingo amene ankaonapo cholakwa.

Ndinapita kukawaona tsiku lachiwiri la tchuthi changa. Ndinapeza ali pakhonde pa mpando wa ndalema, amayiwo akuwameta ndevu ndi lumo, atawapaka sopo mpaka m'makutu. Tinkalankhula Chitonga, koma pano ndilemba m'Chichewa.

"Wabwera nthawi yabwino," anatero asibweni. Lilime linkawalemera, moti ndinkachita kuyandikira kuti ndimve. "Mgonero uli pafupi. Abusa amabwera pano, pakhonde pomwe pano. Ine ndimakhala apa, iwo apo."

Ndi dzanja lawo labwinolo analoza m'nyumba, pamene jekete yakuda inapachikidwa pa msomali itavekedwa pepala la pulasitiki.

"Khalani phee, ndikuchekani," anatero amayi aja. Kenako anandiyang'ana ine. "Jekete imeneyo amaikonda kuposa anthu."

Asibweni anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope. Ndinakhala nawo mpaka masana, ndipo pobwerera ndinali wokondwa kuti ukalamba wawo unali ndi wowusamala.

M'mawa mwake achemwali anatulutsa laputopu ya mpingo, yakale, yosweka pakona, yoti batire yake inafa kalekale. Anaiika patebulo n'kupukuta fumbi ndi chitenje.

"Iwe ndiwe wa sukulu," anatero. "Taona pulogalamu yanga, undiuze ngati ili bwino."

Ndikukumbukira mmene ananenera mawu akuti pulogalamu yanga. Anawanena mwamanyazi, koma akumwetulira. Ine nditangoona zimene zinatseguka ndinayamba kuseka. Tsamba lonse linali mitundu yokhayokha ngati chitenje cha pa msika. Panali tibokosi tachikasu, tabuluu, tobiriwira, ndipo pamwamba panali batani lalikulu lofiira lolembedwa kuti SINDIKIZA.

"Tachikasuto ndi odwala, a Mgonero wa kunyumba," anayamba kufotokoza. "Tabuluu ndi amene ali ku Joni kapena apita kokapha usipa kutali, makhadi awo timasunga. Tobiriwira..."

"Asisi," ndinawadula, "iyi si pulogalamu."

"Nanga n'chiyani?"

"Ndi kujambula. Ana a pulayimale ndiwo amapaka mitundu. Kompyuta yeniyeni siidziwa kuti chikasu n'chiyani. Munthu wodziwa ntchito sangasunge nkhani yofunika mu mtundu."

"Koma zimagwira ntchito. Zaka zitatu tsopano palibe anadandaula."

"Ngolo nayonso imagwira ntchito, koma sitiitcha galimoto."

Ndinalankhula zambiri, ndipo zambiri mwa izo anali mawu a mkulu wanga wa ku ofesi, amene ndinangowasamutsira m'Chitonga. Ndinawauza za detabesi, nkhokwe imene akatswiri amasungamo mayina, ndi za Java, chinenero chimene ndinati ndicho cha anthu akuluakulu. Makro yawo sindinaitsegule n'komwe. Ndinkaona ngati kuiwerenga kukanandichotsera ulemu.

Achemwali anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anatseka laputopu pang'onopang'ono, kulowa m'chipinda, n'kubwera ndi fulashi yomangidwa pa chingwe cha nsapato.

"Zonse zili umu," anatero. "Chitani zanu za ku Lilongwe, ada."

Chibadwire changa ankanditchula kuti iwe, osati ada, mawu aulemu oitanira bambo. Ndinamva kuti asintha, koma ndinaganiza kuti ayamba kundilemekeza.

Tanthauzo la tibokosi tobiriwira ndilinene pano, ngakhale ineyo ndinalidziwa mochedwa. M'kaundulamo munali mzere wotsika wolembedwa pamwamba kuti Wodulidwa, ndipo munthu akadulidwa achemwali ankalembamo chaka. Akabwezeredwa, chakacho sankachifufuta, ankangopaka kabokosiko mtundu wobiriwira. Makro yawo ikapeza chaka pa kabokosi koyera inkadumpha dzinalo, ikapeza pobiriwira inkasindikiza khadi. Kabokosi ka asibweni kanali kobiriwira.

A mlembi nditawauza kuti ndikufuna kuwakonzera pulogalamu yeniyeni anasangalala kwabasi. "Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa," anatero, ngakhale anali iwo omwe amene anandiphunzitsa kuchotsera ndi kuphatikiza ndili Sitandade 3. Anafunsa ngati achemwali avomera, ndipo ndinati avomera. Sindinaname, koma sindinanenenso zoona.

Ndinagwira ntchitoyo masiku asanu ndi limodzi, m'mawa uliwonse magetsi asanazime. Ndinasamutsa mayina onse kupita mu detabesi yanga, ndipo posamutsa mitundu yonse inatsala. Zimenezo ndinkazidziwa, ndipo ndinkazifuna. Odwala ndi apaulendo ndinawalemba pamanja m'mizere yawoyawo, poti tanthauzo la chikasu ndi buluu ndinali nditalimva. Zobiriwira ndinangoti ndi zokongoletsa. Pa nkhani ya odulidwa ndinalemba lamulo lalifupi, laudongo, limene ndinalinyadira: ngati pa mzere wa Wodulidwa pali chilichonse, khadi lisatuluke. Pepala la abusa linkatenga mayina pakati pa olandira makhadi okha.

Nditayesa koyamba, makhadi anga anapereweza asanu ndi atatu poyerekeza ndi a ulendo wapita. Ndinaona ndithu. Achemwali anali kuseri kwa nyumba akuyanika zovala, ndipo kuwafunsa sikukanatenga nthawi. Koma mumtima ndinati ndi zinyalala za Excel, mayina obwerezedwa amene pulogalamu yanga yasesa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma phula langalo anadya ndi wina.

Makhadi anatuluka okongola, ndisaname. Zilembo zinali zowongoka, ndipo ndinaikapo kamzere kozungulira m'mbali. Lachiwiri akulu a mpingo anadzatenga n'kuyamba kugawa. Mkulu wa dera la asibweni anali atangodzozedwa kumene chaka chomwecho, munthu wofatsa, wosafuna kulowerera za eni. Atapeza kuti m'mulu wake mulibe khadi la asibweni, anaganiza kuti bwalo linakambapo kanthu iye asanalowe. Lachinayi anafika pakhomopo, kuwapatsa moni, kufunsa za thupi, n'kupitirira kwa oyandikana nawo.

Loweruka, pa mapemphero okonzekera Mgonero, anthu asanu ndi awiri anabwera mmodzimmodzi ku kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Ankalankhula motsitsa mawu, ena maso ali pansi. A mlembi ankawadziwa onse kuti alibe mlandu, ndiye anawalembera makhadi pamanja n'kupepesa. Atandifunsa chimene chachitika ndinati pulogalamu yatsopano iliyonse imakhala ndi tizolakwika, ndidzakonza Lolemba. Sindinawerenge kuti asanu ndi awiri si asanu ndi atatu. Achemwali sanalipo. Pa loji panali ukwati wa anthu a ku Mzuzu, ndipo anagwira ntchito Loweruka ndi Lamulungu lomwe.

Lamulungu ndinadya Mgonero ndi khadi losindikizidwa ndi pulogalamu yanga, ndipo potuluka anthu angapo anandigwira chanza. Masana abusa anatenga pepala lawo n'kuyendera odwala. Iwonso anali asanathe chaka pa mpingo wathu, ndipo dera lathu n'lalikulu, choncho anangotsata zimene zinalembedwa.

Lachiwiri m'mawa a mlembi anadutsa pakhomo pathu pa njinga kudzandikumbutsa za kukonza kuja. Achemwali anali atavala kale yunifomu, akumwa tiyi choimirira.

"Kukonza chiyani?" anafunsa.

A mlembi anafotokoza, n'kutchula mayina a anthu asanu ndi awiri aja. Pofika dzina lachinayi achemwali anali ataika kapu pansi.

"Amenewo ndi obiriwira," anatero. Anawerenga pa zala, milomo ikugwedezeka. "Obiriwira alipo asanu ndi atatu." Kenako anandiyang'ana. "Asibweni."

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero. Anaimbira foni ku ntchito kuti achedwa, analumikiza laputopu yakale ija, kutsegula tsamba lawo la mitundumitundu, n'kundionetsa kabokosi ka asibweni. Munali chaka chimene anadulidwa, ine ndisanabadwe.

"Bwanji simunangofufuta chakacho?" ndinafunsa. Ngakhale apo ndinkafunabe poti ndigwire.

"Chifukwa chinachitika," anayankha. "Mpingo sufufuta, umakhululuka. Ndikanalemba bwanji zimenezo? Ndinapaka zobiriwira."

Apa m'pamene ndinatsegula makro yawo koyamba. Inali yaitali, yokhotakhota, yobwerezabwereza. Ku ofesi akanaipachika pakhoma kuti anthu aziseka. Koma pakati pake panali mizere itatu yofunsa mtundu wa kabokosi, ndipo pamwamba pa mizereyo anali atadzilembera m'Chitonga kuti asadzachotse, awa ndi obwezeredwa. Inali pulogalamu ndithu, ndipo inkadziwa chinthu chimene yanga sinkadziwa. Ndinachita manyazi aakulu, amene sindinawamvepo ngakhale pamaso pa mkulu wanga uja.

Achemwali anadina batani lofiira, kusankha dzina limodzi, ndipo tinadutsira ku ofesi ya mpingo kukasindikiza khadilo. A mlembi anapalasa njinga kupita kwa abusa. Ife tinakwera kabaza mpaka pamene msewu wa tala umasiyana ndi kanjira ka kwa asibweni, n'kumaliza wapansi pakati pa minda ya chinangwa.

Mpongozi tinakumana naye pa mjigo, ndipo ndiye anatiuza zimene zinachitika. Anati kuyambira Lachinayi bamboyo sankadya bwino. Lamulungu analamula kuti avekedwe jekete, nakhala pakhonde kuyambira m'mawa, akuti mwina khadi linangoiwalika ndipo abusa abwerabe. Anakhala mpaka mthunzi wa nyumba unafika pa khola la nkhuku. Kenako anati awavule.

"Bwanji simunatitumizire uthenga?" anafunsa achemwali.

"Anandiletsa. Anati za mwambo wa mpingo sizifunsidwa." Anasenza ndowa yake, kenako anaima. "Dzulo amayi a ku Kande anabwera ndi nsomba. Sanakhalitse."

Asibweni tinawapeza m'nyumba, osati pakhonde. Achemwali anagwada pafupi ndi mpando n'kuwaika khadi m'dzanja labwino lija. Analiyandikiza kumaso n'kuliwerenga nthawi yaitali, ngakhale panali dzina lawo ndi la dera basi.

"Bwalo lasintha maganizo?" anafunsa.

"Bwalo silinakambe chilichonse, asibweni," anatero achemwali. "Mulibe mlandu."

"Nanga anachotsa dzina langa ndani?"

Achemwali anatembenukira kwa ine, ndipo ndinadziwa kuti akundisiyira yankho. Ndikanatha kunena kuti ndi kompyuta. Anthu ambiri kwathu akanavomera yankho limenelo.

"Ndine, asibweni. Ndinasintha ntchito ya asisi ndisanaimvetse. Anayamba kundiuza, ine n'kuwadula pakamwa."

"Unandikwiyira?"

"Ayi."

"Wina anakuuza kanthu za ine?"

"Palibe."

Anandiyang'ana ngati akufuna chifukwa china chomveka bwino kuposa chimenecho, koma ndinalibe. Kenako anayamba kulankhula okha, pang'onopang'ono, ife tikutola mawu amodziamodzi. Anati masiku anayi onse ankafufuza tchimo lawo. Munthu wosatha kudzuka pa mpando angachimwe chiyani? Sakumwa, sakutukwana, sakuyenda. Anapeza chinthu chimodzi chokha. Anati mwina akulu a mpingo aona kuti mkazi amene anamusiya wayambanso kulowa m'nyumba, ndipo aganiza kuti mitala yabwerera.

"Ndiye dzulo ndinamuuza kuti asadzabwerenso," anatero. "Ndinati wandidulitsa kachiwiri."

Achemwali anaphimba nkhope ndi manja. Ine ndinayang'ana pansi, pa nsapato zanga zosongoka zija, zitadzaza fumbi.

Abusa anabwera Lachinayi, pamodzi ndi a mlembi ndi mkulu wa dera uja, amene anapepesa mpaka kutuluka thukuta ngakhale kulakwa sikunali kwake. Tinawaveka asibweni jekete, ine n'kuwamangira tayi. Pakhonde panaikidwa katebulo ndi nsalu yoyera. Analandira mkate ndi chikho, ndipo poimba anatsatira nyimbo yonse ndi mawu awo olemerawo. Abusa anawauza pamaso pa tonse kuti kusamalidwa ndi munthu wachifundo si tchimo, ndipo kuti mpingo uyenera kuthokoza mayiyo.

Alendo atapita asibweni anandikodola.

"Pita ku Kande," anatero. "Ukawauze kuti kunali kulakwitsa kwa makina. Uwauze abwere."

Tsiku lomwelo ndinafufuta pulogalamu yanga mu laputopu ya mpingo, ndipo achemwali anapitiriza ndi yawo. Sanandifunsenso maganizo anga pa ntchito yawo, ndipo sindiwaimba mlandu. Ine mpaka lero ndimalemba mapulogalamu. Ku ofesi anyamata atsopano amasekabe anthu a Excel, ndipo nthawi zina ndimawafunsa ngati anatsegula n'kuwerenga chimene akusekacho. Ambiri amaganiza kuti ndikukalamba.

Ku Kande ndinapita Lachisanu m'mawa. Nditatsika minibasi ndinafunsa njira kwa amayi ogulitsa usipa wouma m'mbali mwa msewu, ndipo anandilozera nyumba ya njerwa zosawotcha kuseri kwa nthochi. Ndinawapeza atakhala pa mkeka, miyendo atatambasula, akusenda chinangwa choti akaviike. Pambali pawo panali mulu wa makoko ndi beseni lalikulu.

"Mwe uli, ama?" ndinawapatsa moni.

Anayankha bwinobwino, kundipatsa kampando, n'kufunsa za achemwali ndi za ku Lilongwe. Za asibweni sanafunse. Ndinafotokoza zonse kuyambira pachiyambi, za makhadi, za tibokosi, za mitundu imene ndinataya. Ndinayesetsa kuti ndisabise mbali yanga. Ndinawauza zimene abusa ananena pakhonde. Iwo ankangosenda, mpeni ukuyenda mofanana, chinangwa choyera n'kumagwera m'beseni.

"Ndiye Mgonero adya?" anafunsa nditamaliza.

"Adya dzulo."

"Yewu. Zakhala bwino. Amaufuna kwambiri."

"Andituma kuti mubwere, ama. Akuti kunali kulakwitsa kwa makina. Koma makinawo ndine. Ngati pali woti mumukwiyire, ndi ine."

Anaika mpeni pansi n'kupukuta manja pa chitenje. Sanali okwiya. Analankhula mofatsa, ngati akufotokozera mlendo njira.

"Mwanangu, iwe unalakwitsa pepala. Zimachitika. Koma makina ako sanatchule dzina langa. Pepala litasowa, bamboyo anakhala masiku anayi akufunafuna choti ataye kuti alipeze, ndipo anapeza ine. Ulendo woyamba ndinamvetsa, panali mkazi mnzanga, panali lamulo. Ulendo uno palibe anamuuza. Anaganiza yekha."

Atatero anatolanso mpeni n'kupitiriza kusenda.

Ponyamuka anandiuza kuti ndidikire. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi ufa wa kondowole m'kajumbo, womangidwa bwino pamwamba. Anati ndikapatse mpongozi, ndipo ndimuuze kuti asamaphike nsima yolimba chifukwa bamboyo amatsamwa, komanso kuti powatembenuza aziyambira mbali yakufayo. Anandiperekeza mpaka pa nthochi n'kubwerera ku chinangwa chawo. Asibweni anakhala ndi moyo zaka zina ziwiri, ndipo Mgonero sunawaphonyenso ngakhale kamodzi. Amayi aja sanapondenso pakhomopo.